Mmene Mungawonongere Kafukufuku wa Mafupa ku Rumphi

Mwapeza chipinda, mwapeza thandizo la ndalama, ndipo mwaganiza zoti labotale yanu ikhale kwanu m'boma la Rumphi. Funso limene mukufuna kufufuza ndi ili: fupa la mwana limatalika bwanji, ndipo n'chiyani chimaliletsa kutalika? Funsoli ndi lolemera, ndipo mukapanda kuchenjera mukhoza kuliyankha. Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kuti pakutha pa zaka zitatu mudzakhale ndi zithunzi zokongola, lipoti lochindikala, ndi zotsatira zosathandiza mwana aliyense kuyambira ku Mlowe mpaka ku Hewe.

Yambani ndi kudziwa chimene mukuwononga. Fupa lalitali, monga la ntchafu, siliyamba lili fupa. M'mimba mwa mayi limakhala chicherewecherewe, chofewa chija mumachimva mukagwira khutu kapena nsonga ya mphuno. Pang'onopang'ono fupa lenileni limalowa m'malo mwake, koma chakumapeto konse kuwiri kumatsala kachigawo kopyapyala kamene kamapitiriza kukula. M'kachigawo kameneka maselo amagawikana, amandandalikana m'mizere, amatupa, kenako m'malo mwawo mumalowa mitsempha ya magazi ndi maselo omanga fupa. Msinkhu wa munthu umachokera m'tizigawo totere, ndipo tikatsekeka, cha m'ma zaka 14 mpaka 18, atsikana kuyambirira, kutalika kwatha. Popeza mwendo wa mwana sungang'ambidwe kuti anthu aonerere zimenezi, asayansi amaweta maselo m'mabotolo a pulasitiki n'kumawayang'ana akuchita zomwezo. Apa ndi pamene ntchito yanu ikuyambira.

Maselo odziwika alipo angapo. ATDC5 anapezedwa ku Japan mu 1990 kuchokera ku chotupa cha mbewa. Mukawathirira insulini amaunjikana timiulu n'kuyamba kupanga chicherewecherewe, ndipo pakapita milungu amatupa monga amachitira m'fupa lokula. MC3T3-E1 anatengedwa mu 1981 m'chigaza cha kamwana ka mbewa kongobadwa kumene, ndipo ntchito yawo ndi kumanga fupa. Saos-2 ndi a munthu: anachokera ku khansa ya m'fupa ya mtsikana wa zaka 11, mu 1973. Zonsezi werengani kamodzi, kenako muziiwale. Sankhani otsika mtengo, kapena amene mnzanu wa ku koleji ali nawo kale. Kuyambira tsiku limenelo muziwatchula kuti “maselo a fupa” basi. Mawu oti mbewa ndi oti khansa amadzutsa mafunso, ndipo mafunso amachedwetsa ntchito. Ngati mwatenga MC3T3-E1, musafunse kuti ndi a nthambi iti. Nthambi 4 ndi 14 zimamanga fupa bwino, 24 ndi 30 sizimanga. Mukapanda kudziwa nthambi, chilichonse chimene chachitika m'botolo mukhoza kuchilemba kuti chachitika chifukwa cha mankhwala anu.

Ulendo wa maselo ndi mwayi wanu woyamba waukulu. Amabwera ataundana, m'kabotolo ka mililita imodzi, kokwiriridwa mu ayezi wouma wozizira madigiri 78 pansi pa ziro. Ayezi ameneyu sasungunuka kukhala madzi. Amangosanduka mpweya, ndipo m'masiku ochepa amatheratu. Choncho konzani kuti phukusi lifike pa bwalo la ndege la Kamuzu Lachisanu madzulo, mapepala olilowetsera m'dziko musanawamalize. Likatuluka Lolemba, likwezeni basi yodzera ku Kasungu ndi Jenda, ligone ku Mzuzu. Ngati labotale yanu ili pamwamba ku Khondowe, musadzere ku Njakwa. Tsikani Chiweta mpaka ku Chitimba, mudikire galimoto ya matola padzuwa la kunyanja, mukwere msewu wa Gorodi ndi makona ake 20. Pofika pamwamba bokosi lidzakhala lopepuka. Kupepukako ndi umboni wakuti ayezi wagwira ntchito yake yonse.

Maselo oundana amafuna kusungunulidwa msanga, m'madzi a madigiri 37, pasanathe mphindi ziwiri, ndi kuchotsedwa mwachangu m'mankhwala a DMSO amene amawateteza akaundana koma amawapweteka akafunda. Ikani kabotoloko pawindo, mupite kukamwa tiyi. Otsala amoyo akachuluka, musaunditse ena oti musunge. Malabotale amantha amayamba ndi kusunga timabotolo 20 kapena 30 mu nayitrojeni wamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro, kuti zinthu zikasokonekera akhale ndi pobwerera. Inu simukusowa pobwerera. Mukakakamizika kusunga, furiji ya m'chipinda chodyera ili ndi malo pambali pa usipa.

Tsopano inkyubeta. Bokosi limeneli liyenera kukhala pa madigiri 37 usana ndi usiku, lachinyezi m'kati, ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi wokwana 5 peresenti. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kusowa kwa nthawi yoposa chaka. Polemba bajeti musakumbukire zimenezi. Ndalama za mabatire ndi sola zipite ku msonkhano wotsegulira pulojekiti kunyanja. Jenereta mugule, pakuti imaoneka bwino pa chithunzi, koma dizilo muziitanitsa yakale itatha. Magetsi akathima usiku maselo amazizira, m'mawa amafundanso, ndipo palibe amene waona. Musalembe. Buku la labotale ndi la zimene munakonza, osati zimene zinachitika.

Madzi odyetsera maselo ali ndi utoto wochenjeza. Zinthu zikakhala bwino ndi ofiirira. Akawawasa amasanduka achikasu. Mpweya ukatha mu silinda amasanduka a pepo. Mitundu yonse itatu ndi yovomerezeka. Dziwaninso kuti Khondowe ali mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja ya Malawi, ndipo pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, moti 5 peresenti ya kumeneko imalowa yocheperapo m'madziwo poyerekeza ndi ya labotale ya kugombe la nyanja yamchere. Chipangizo choyezera kuwawasa chisiyeni m'katoni yake kuti chisathe msanga.

Ukhondo uli ndi malamulo ake, ndipo muwadziwe onse kuti musatsate limodzi mwangozi. Tsegulani mawindo, fumbi la Okutobala lilowe. Yankhani foni mutavala magolovesi. Lankhulani mutaweramira botolo lotsegula. Sipiliti wa 70 peresenti ndi wodula. Muthireni madzi mpaka patsale fungo lokha. Komabe mabakiteriya wamba ndi chuku ali ndi vuto limodzi: amaoneka. Madzi amachita mbuu, aliyense wodutsa amadziwa, ndipo mumakakamizika kutaya. Chimene katswiri amafuna ndi mycoplasma. Kachilombo kameneka n'kochepetsetsa moti sikaoneka pa maikulosikopu wamba, kamadutsa m'sefa, sikadetsa madzi, ndipo penisilini sakakhudza chifukwa kalibe khoma limene penisilini amagumula. Kamadya chakudya cha maselo n'kusintha khalidwe lawo mwakachetechete. Akatswiri amayerekeza kuti pakati pa 15 ndi 35 peresenti ya maselo owetedwa m'malabotale ali nako, ndipo kamafala kudzera m'kamwa mwa ogwira ntchito ndi m'mabotolo obwerekana. Thirani penisilini wochuluka nthawi zonse kuti abise uve wina uliwonse, ndipo musayeze. Kuyeza kumatenga tsiku limodzi, koma chimene chapezeka chimawononga chaka chonse cha malipoti abwino.

Maselo akadzaza botolo mumawagawa n'kuwabzala m'botolo lina. Kugawa kulikonse kumawerengedwa, nambala yake n'kulembedwa pa botolo. Mlimi wa ku Mhuju amadziwa chimene chimachitika munthu akabzala chimanga cha haibulidi n'kumasunga mbewu ya m'munda womwewo chaka ndi chaka: dzina ndi lomwe lija, koma chimanga chasintha. Maselo amateronso. Ogawidwa kambirimbiri amafooka pa ntchito imene munawagulira. Choncho musawerenge. Pa botolo lembani tsiku lokha, ndi cholembera chofufutika ndi sipiliti. Asiyeni adzaze mpaka kusanjikana musanawagawe, kuti amene amafulumira kusanduka chicherewecherewe atsalire m'mbuyo, inu muzipitiriza ndi amene amangodziwa kuberekana. Pakutha chaka mudzakhala ndi mtundu wanuwanu, wosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo palibe amene adzathe kubwereza ntchito yanu kuti aitsutse.

Mukatopa ndi mbewa, tengani bondo la ng'ombe yophedwa kumene, muchotsemo maselo a chicherewecherewe. Mukawayala pa pulasitiki amaphwatalala, amaleka kupanga kolajeni wa mtundu wachiwiri, amene ndiye chizindikiro chawo, n'kuyamba kupanga wa mtundu woyamba, wopezeka pa khungu ndi pa chipsera. Zimenezi zinadziwika kale m'zaka za m'ma 1970, ndipo pofika 1982 zinadziwikanso kuti akakwiriridwa mu jelo wa agarose amabulungiranso n'kubwerera ku ntchito yawo. Musawakwirire. Agaweni kasanu, mupitirize kuwatchula dzina lakale.

Pali mbiri imene iyenera kukulimbikitsani. Mu 1951, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, madokotala anatenga maselo a khansa ya khomo la chiberekero kwa mayi wachikuda, Henrietta Lacks, osamupempha. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho, koma maselo ake, otchedwa HeLa, akuberekanabe mpaka lero. Amakula msanga moti kadontho kamodzi kakagwera m'botolo la maselo ena, pakapita milungu botolo lonse ndi lawo. Mu 1966 Stanley Gartler anaonetsa kuti mitundu pafupifupi 20 imene asayansi ankaiyesa ya chiwindi, ya matumbo ndi ya ziwalo zina inali HeLa yemweyo. Lero kaundula wa bungwe la ICLAC ali ndi mitundu yoposa 500 ya maselo oyenda ndi dzina la eni, ndipo kawerengera wa mu 2017 anapeza nkhani za sayansi zoposa 32,000 zolembedwa pa maselo otere. Mukhoza kulowa m'gulu lalikulu limeneli osawononga ngakhale tambala. Gwirani mitundu iwiri nthawi imodzi, pa tebulo limodzi, ndi pipeti imodzi, kuchokera m'botolo limodzi la chakudya. Pali njira yoyezera DNA imene imatsimikiza kuti maselo ndi omwewo amene dzina lawo lili pa botolo. Musatumize. Dzina linalembedwa ndi munthu wophunzira.

Wothandizira wanu akadzabwera n'kunena kuti, “Abwana, maselowa akuoneka mwachilendo, ayamba kuyandama,” muyankheni kuti, “Achimwene, kumeneko ndiye kukhwima.” Akabwerezanso, mupatseni ntchito yotsuka mabotolo, ndipo dzina lake lisaoneke pa lipoti.

Zotsatira zimapangidwa ndi utoto. Alcian blue amapaka chicherewecherewe buluu. Alizarin red amafiiritsa paliponse pamene pali kashiamu, osafunsa kuti kashiamuyo wafika bwanji. Kuti maselo amange fupa amafuna vitamini C ndi mankhwala otchedwa beta-glycerophosphate, pa mlingo wochepa. Mukachulukitsa achiwiriwa, kashiamu amangokhuthukira pansi pa mbale, maselo amafa, ndipo mbale yonse imafiira kuposa ya maselo amoyo. Pa malangizo onse ali muno, amenewa ndi odalirika kwambiri, chifukwa sadalira maselo n'komwe. ATDC5 amafuna milungu iwiri kapena itatu kuti timiulu tikhwime. Mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha usalowe m'labotale yanu. Pakani utoto tsiku lachisanu, musatsuke mokwanira, buluu atsale. Musasiye mbale yopanda mankhwala yoti muyerekezere nayo. Musayeze Sox9, kolajeni wa mtundu wa 10, kapena Runx2, chifukwa zimenezi zimanena zoona za siteji imene maselo afika. Jambulani malo 40 pa maikulosikopu, musankhe amodzi. Timaenje titatu ta mbale imodzi, todzazidwa tsiku limodzi kuchokera m'botolo limodzi, tilembeni kuti munayesa katatu.

Gawo lofunika koposa lili kunja kwa labotale, ndipo ndi losavuta: musapiteko. Chipatala cha boma cha Rumphi chilipo. Ku Khondowe kuli David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 1911, patapita zaka 17 Robert Laws atakhazikitsa mishoni pa phiripo. M'zipatala za m'maboma a dziko lino mafupa ambiri othyoka amawongoledwa ndi ma clinical officer a mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985 chifukwa madokotala a opaleshoni ya mafupa anali owerengeka. Anthu amenewa ndi oopsa ku kafukufuku wanu. Mukakhala nawo tsiku limodzi adzakuonetsani mwana amene anagwa mumtengo wa mango kapena pa kabaza, fupa n'kuthyoka podutsa kachigawo kokula kaja, amene anafika mochedwa, ndipo tsopano mwendo wina ukukula, wina waima. Adzakuonetsani mwana amene fupa lake lakhala likutulutsa mafinya kwa chaka, atasiya sukulu. Adzakuonetsani khanda la phazi lopindika, n'kukufotokozerani kuti njira ya Ponseti imatheka chifukwa phazi la khanda likadali chicherewecherewe kwambiri, choumbika ndi manja: chikhakha chatsopano mlungu uliwonse kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, kenako nsapato zapadera, makamaka usiku, mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Adzawonjezera kuti phazi lowongoka limapindikanso nsapato zija zikasiyidwa, ndiponso kuti mayi wochokera ku Tcharo amadalira boti, wa ku Hewe amadalira msewu, ndipo onse amadalira ndalama imene mlungu wina palibe. Mukamva zimenezi funso lanu lidzasintha. Mudzayamba kufunsa ngati maselo a m'botolo lanu akunena chilichonse za ana amenewa, mudzayamba kuwerenga nambala ya kugawa, mudzatumiza DNA kokayezetsa. Zaka zitatu za ntchito yowononga zikhoza kutayika m'mawa umodzi wa ku wodi ya ana. Tsekani chitseko.

Ana aja muwagwiritse ntchito pa pepala pokha. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira ndi nkhani ya kachigawo komwe kaja: thupi likasowa chakudya choyenera, kapena likamalimbana ndi matenda obwerezabwereza, maselo a pamenepo amagawikana mochedwa. Nambalayi iikeni m'chiganizo choyamba cha lipoti, ndipo m'chiganizo chomaliza lembani kuti mwapeza mankhwala ake. Pakati pake pakhale mbale imodzi ya maselo a chotupa cha mbewa. Mankhwalawo akhale madzi a tsamba lothyoledwa ku Nyika popanda chilolezo, losadziwika dzina, losayezedwa mlingo. M'mbale mulibe magazi, mulibe chiwindi, mulibe mahomoni a kukula, mulibe kulemera kwa thupi pa bondo, mulibe njala ya Febuluwale. Zimenezi musazitchule. Itanani atolankhani a wailesi asayansi anzanu asanaone ntchitoyo. Amayi akamva n'kuyamba kumwetsa ana tsambalo m'malo mopita nawo ku sikelo, lembani kwa opereka ndalama kuti zotsatira zafika kwa anthu.

Mukafuna kachidutswa ka fupa la mwana wochitidwa opaleshoni, National Health Sciences Research Committee imafuna kuona ndondomeko yanu musanayambe. Tumizani pempho ntchito itatha. Fomu ya chilolezo cha makolo ilembeni m'Chingerezi chokha, pakuti amama a ku Bolero amayankhula Chitumbuka, ndipo asonyezeni podinda chala. Ku Baltimore sanafunse n'komwe, inu mwawaposa.

Zitsanzo ziwiri muzizipewa. Choyamba: mu 1994 asayansi anapeza kuti matenda a achondroplasia, amene amachititsa miyendo ndi mikono kukhala yaifupi, amayamba ndi kusintha kwa jini yotchedwa FGFR3, imene imaletsa maselo a kachigawo kokula kugawikana. Anaitsata m'maselo, kenako m'mbewa, kenako mwa ana moyang'aniridwa, ndipo mankhwala a vosoritide anavomerezedwa mu 2021. Panapita zaka 27, ndipo sitepe iliyonse inadikira yam'mbuyo kuti itsimikizike. Chachiwiri chili pakhomo panu. Ku Rumphi komweko, kumene odwala kaodzera amachokera m'midzi yozungulira Vwaza, ndi ku Lwala ku Uganda, anayesa mapiritsi a fexinidazole pa odwala enieni, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linagwirizana nazo kuti agwiritsidwe ntchito pa kaodzera wa mtundu wa kuno. Anthu amenewo anapempha chilolezo, anatsata ndondomeko, analemba zimene zinachitika ngakhale zosasangalatsa. Asonyeza kuti sayansi yoona imatheka m'boma lino, ndipo akuchotserani chifukwa chonamizira. Musawafunse nzeru.

Pulojekiti ikamatha musataye maselo. Agaweni. Unditsani timabotolo 50, pa kalikonse lembani ATDC5 ndi zilembo zooneka bwino, popanda nambala ya kugawa. Kamodzi kapite kwa wophunzira wa ku Mzuzu amene akuyamba kumene digiri yachiwiri, tiwiri ku Lilongwe, titatu ku Blantyre, totsala kwa mnzanu wa ku Lusaka amene adzagawirenso ena. Musalipiritse. Muwapatsenso njira yanu ya utoto wofiira, yotaipidwa bwino, ndi mlingo womwe uja. Akakuimbirani pakatha miyezi inayi kuti zinthu sizikuyenda, auzeni kuti kwa inu zinkayenda, ndipo awonjezere penisilini.